MTSAMIRO WA GIYABOKOSI M'GALIMOTO YOMANGA PAKHOMO

Nkhani ya Sayansi ya magiredi apamwamba a ku pulaimale

M'phunziro lathu la lero tikambirana za kacipangizo kena kamene kamakhala pansi pa galimoto, kosaoneka ndi maso a okwera. Kukula kwake sikaposa dzanja la munthu wamkulu, ndipo kanapangidwa ndi mphira wolimba womatidwa pakati pa zitsulo ziwiri. Nchito yake ndiyo kucirikiza giyabokosi, bokosi lija la magiya lokhala kumbuyo kwa injini. Amakaniko amagwiritsa nchito liu la Cingelezi lakuti mounting. Ife m'nkhani ino tidzati mtsamiro, pakuti ndipo pamene giyabokosi limatsamira.

Funso limene tifuna kuyankha ndi ili: kodi cinthu cimodzi cingathe bwanji kugwira katundu molimba, ndi kumlola katunduyo kugwedezeka pa nthawi imodzimodziyo? Yankho lake tidzalifuna m'magalimoto amene anthu amadzimangira okha pakhomo, cifukwa m'galimoto yotere mulibe cobisika, ndipo womangayo ayenera kulingalira yekha malo a bauti iliyonse.

GALIMOTO YOMANGA PAKHOMO

Ambiri a inu munapangapo galimoto ya waya. Ku Britain kuli akulu amene amacita zonga zimenezi, koma galimoto yao imakhala yeniyeni, yoyenda ndi petulo pa mseu. Dzina lake pa Cingelezi ndi kit car. Munthu amagula zigawo za galimoto zili m'mabokosi, kapena amapanga zina ndi manja ake, nazilumikiza pang'onopang'ono m'galaja ya pakhomo pake, madzulo ataweruka ku nchito. Ena amatsiriza caka cimodzi, ena zimawatengera zaka zingapo.

Yodziwika koposa mwa magalimoto otere ndi Lotus Seven, imene Colin Chapman anaitulutsa m'caka ca 1957. Inali yaifupi msinkhu, ya mipando iwiri, yolemera pafupifupi makilogalamu 500 okha. Masiku amenewo boma la Britain linali kulipitsa msonkho waukulu pa galimoto yatsopano yomangidwa kale, koma yogulidwa m'zigawo inalibe msonkhowo. Cotero anthu ambiri anasankha kudzimangira. Mwai umenewu unatha mu 1973 pamene msonkho wa VAT unayamba. M'caka comweco kampani ya Caterham inagula ufulu wopanga Seven, ndipo ikuipangabe kufikira lero. Kuno ku Africa, kampani ya Birkin ya ku South Africa inayamba mu 1982 kupanga magalimoto a maonekedwe omwewo.

Mu 1996 Ron Champion, amene anali kuphunzitsa za magalimoto pa sukulu ya Oundle ku England, anatulutsa buku losonyeza mmene munthu angamangire galimoto yonga Seven ndi ndalama zocepa. Galimotoyo inapatsidwa dzina lakuti Locost. Felemu yake, ndiyo mafupa a galimoto, imalukidwa ndi mapaipi acitsulo a mbali zinai, a mamilimita 25 mbali iliyonse, odulidwa ndi kuwochereredwa pakhomo pomwepo. Injini, giyabokosi ndi ekiselo amazicotsa m'galimoto yakale: poyamba inali Ford Escort, pambuyo pake Ford Sierra, ndipo masiku ano ambiri amatenga za Mazda MX-5.

Agogo anu angakuuzeni za fakitale ya Livingstone Motor Assemblers, kumene m'zaka za m'ma 1970 anali kulumikiza magalimoto a Fiat obwera m'mabokosi. Komatu pali kusiyana. Kumeneko zigawo zonse zinali za galimoto imodzi, ndipo ciboo ciliconse cinali pamalo pake. Womanga Locost alibe mwai wotere: giyabokosi linapangidwira galimoto ina, felemu ndi ya ina, ndipo kuti ziwirizi zigwirizane ili nchito ya iye mwini.

MAFUWA ATATU

Tiyeni tione kaye mmene zinthu zimakhalira m'galimoto yotere. Injini imakhala kutsogolo. Giyabokosi limamangidwa ndi mabauti kumbuyo kwa injiniyo, kotero kuti ziwirizi zimasanduka cinthu cimodzi cacitali, cacikulu kumutu, cocepa kumcira. Kumcira wa giyabokosi kumalowa shafiti, ndiyo paipi yacitsulo yozungulira imene amakaniko amati propshaft. Shafitiyo imapereka mphamvu ku difu, ndipo difu imaigawira magudumu awiri a kumbuyo.

Cinthu cacitali cija cimakhala pa mitsamiro itatu: umodzi kumanzere kwa injini, wina kumanja kwake, ndi wacitatu pansi pa mcira wa giyabokosi. Cifukwa ninji itatu? Pitani kumene amai amaphikira mukaone mafuwa. Mphika wokhala pa mafuwa atatu sugwedera, ngakhale pansi pali pokwera ndi potsika. Koma tebulo la miyendo inai likaima pa malo osalingana, mwendo umodzi umalendewera, ndipo tebulo limagwedera. Felemu ya galimoto nayo imapindika pang'ono pamene gudumu limodzi lakwera pa mwala kapena lalowa m'dzenje. Injini ndi giyabokosi zikanamangidwa zolimba m'malo anai, zikanakakamizidwa kupindika pamodzi ndi felemu. Pokhala pa malo atatu, zimakhazikika bwino felemu ikamapindika pansi pake.

Mitsamiro iwiri ya injini ndiyo imasenza katundu wambiri. Wa giyabokosi umasenza gawo locepa, koma ndiwo fuwa lacitatu, ndipo mudziwa cimene cimacitikira mphika fuwa limodzi likacoka. Mtsamiro umenewu umakhala pa citsulo copingasa pakati pa felemu. Umaletsa mcira wa giyabokosi kutsika, kukwera, ndi kupita kumbali galimoto ikamakhota. Umathandizanso kugwira injini kuti isathamangire kutsogolo woyendetsa akaponda mabuleki mwadzidzidzi.

MPHAMVU YOPOTOKOLA

Kulemera sindiko kokha kumene mitsamiro imalimbana nako. Mukamafinya covala cocapa, dzanja limodzi limapotokolera uku, lina uko. Dzanja laciwiri likapanda kugwira, covala cimangozungulira, madzi osatuluka. Isaac Newton analongosola lamulo la zimenezi mu 1687: cinthu cikakankha cinzake, naco cimakankhidwa ndi mphamvu yolingana, yolozera kumene cacokera. Cotero injini ikamapotokola shafiti kuti magudumu azungulire, thupi la injini ndi giyabokosi limafuna kupotokoka kulozera mbali inayo. Mitsamiro ndiyo dzanja laciwiri lija.

Tsono giyabokosi limaculukitsa mphamvu imeneyi. Titenge giyabokosi limene omanga ambiri amalikonda, la Ford Type 9, la magiya asanu, locokera m'magalimoto a Sierra amene anapangidwa kuyambira 1982 kufikira 1993. Mu mtundu wake wofala, giya yoyamba ndi 3.65. Ndiko kunena kuti injini imazungulira maulendo 3.65 kuti shafiti izungulire kamodzi. Liwiro lacepa, koma mphamvu yopotokola yakula: injini ikapereka 100, shafiti imalandira pafupifupi 365. Mu giya yacinai, imene ndi 1.00, injini ikapereka 100 shafiti imalandiranso 100. Mwa ici mitsamiro imavutika koposa pamene galimoto ikunyamuka ndi giya yoyamba, makamaka pa citunda. Pa nthawi imeneyo mtsamiro wa mbali imodzi ya injini umapsinjidwa, pamene wa mbali inayo umakokedwa.

Zindikirani bwino pano. Mitsamiro iwiri ya injini ili motalikirana, wina uku wina uko, monga munthu woima atatangadza miyendo. Ndiyo ingathe kukana kupotokoka. Wa giyabokosi uli pakati, wokha. Nchito yake sindiyo kukana kupotokoka konse, koma kulola mcira kupendekeka pang'ono motsatira injini, uku ukuugwira kuti usacoke pa mzera wake.

CIFUKWA NINJI MPHIRA?

Mai wosenza mtsuko wa madzi amaika nkhata pamutu. Nkhata sicepetsa kulemera kwa mtsuko, koma imakhazika mtsukowo bwino ndi kuteteza mutu. Mphira wa mtsamiro ndiye nkhata ya pakati pa giyabokosi ndi felemu.

Mphira wa cilengedwe ndi utomoni wa mtengo. Akakhala wosakonza amanyeta pa dzuwa ndi kuuma gwa pa nyengo yozizira. Charles Goodyear wa ku America anapeza kuti mphira akaphikidwa pamodzi ndi sulufule amakhala wolimba ndi wotamuka nyengo zonse, ndipo analandira cikalata ca umwini wa njirayi mu 1844. Ngakhale zinali tero, magalimoto ambiri oyamba anali ndi injini yomangidwa ndi mabauti ku felemu popanda mphira, ndipo okwera anali kumva kugunda konse kwa injini m'matupi mwao. Mu 1931 kampani ya Chrysler inatulutsa galimoto ya Plymouth yokhala ndi njira imene anaipatsa dzina lakuti Floating Power. Injini inakhazikidwa pa mphira, mtsamiro wina pamwamba kutsogolo, wina pansi kumbuyo pa giyabokosi, kuti igwedezeke payokha osagwedeza galimoto yonse. Caka cotsatira kampani ya Citroën ya ku France inayamba kugwiritsa nchito njira yomweyo.

Kodi kugwedezeka kumeneku kumacokera kuti? M'kati mwa injini petulo amaphulika kuti akankhe mapisitoni. Mu injini ya masilinda anai, kuphulika kumacitika kawiri pa kuzungulira kulikonse. Galimoto itaima, injini ikungolira pang'onopang'ono, imazungulira maulendo ngati 900 pa miniti. Werengani: 900 kuculukitsa ndi 2 ndi 1,800 pa miniti; kugawa ndi 60, tipeza 30 pa sekondi imodzi. Injini imagunda maulendo 30 pa sekondi iliyonse galimoto isanasunthe nkomwe. Amene munaimapo pafupi ndi cigayo ca dizilo mudziwa mmene nthaka imanjenjemera ku mapazi.

KUFEWA NDI KULIMBA

Pano ndipo pagona nzeru ya phunziro lathu, ndipo mungathe kuiyesa ndi manja anu. Tengani mzere wa mphira wonga umene mumapangira legeni, mumange mwala kunsonga kwake, ndi kugwira nsonga inayo. Kokerani mwalawo pansi pang'ono, muutaye. Mudzaona ukukwera ndi kutsika pa liwiro lakelake. Limeneli ndilo liwiro la cibadwa la mwala ndi mphirayo.

Tsono yambani kukweza ndi kutsitsa dzanja pang'onopang'ono. Mwala udzatsatira dzanja. Fulumirani pang'ono kufikira dzanja lilingane ndi liwiro la cibadwa lija. Mwala udzayamba kudumpha kwambiri, koposa mmene dzanja likuyendera, monga katungwe amapita patali mukamamkankha pa nthawi yoyenera. Potsiriza gwedezani dzanja mofulumira ndithu. Cimene mudzaona cidzakudabwitsani: mwala udzangoti duu, pafupifupi osasuntha, mphira yekha ndiye akutamuka ndi kubwerera.

Cimodzimodzi ndi injini. Mphira amayamba kuteteza pokhapokha kugunda kwa injini kukaposa liwiro la cibadwa la mitsamiro pafupifupi kamodzi ndi theka. Kukaliposa kawiri kapena katatu, citetezo cimakhala cabwino. Ndico cifukwa cake mitsamiro amaipanga yofewa mokwanira kuti liwiro lake la cibadwa likhale pansi kwambiri pa 30 uja. Mvetserani pamene woyendetsa azima injini: galimoto imagwedezeka kamphindi isanakhale cete. Pa kamphindi kameneko kugunda kwa injini kukutsika, ndipo kukudutsa pa liwiro la cibadwa la mitsamiro.

Nanga bwanji osaika mphira wofewetsetsa? M'galimoto yonga Seven malo ndi ocepa. Giyabokosi limalowa m'ngalande yopapatiza ya pakati pa mipando iwiri, ndipo mpata wa pakati pa ilo ndi mapaipi a felemu kawirikawiri suposa cala. Mtsamiro ukafewetsa, giyabokosi limagunda felemu, ndipo ndodo ya magiya imavina m'dzanja la woyendetsa. Mtsamiro ukalimbitsa, kunjenjemera kumalowa mu felemu. Ndipo popeza galimotoyi imalemera pafupifupi theka la Sierra, kumamveka kwambiri, kumamasula mabauti, ndipo m'kupita kwa nthawi kumang'amba poocherera. Kumbukiraninso mwala uja: mukamanga mwala wopepuka pa mphira yemweyo, umadumpha mofulumira. Cotero mtsamiro wopangidwira galimoto yaikulu yonyamula katundu umakhala ngati mwala pansi pa giyabokosi lopepuka.

Ena amasankha mitsamiro ya polyurethane, pulasitiki yolimbirapo imene siopa oilo, ndipo a mipikisano ya liwiro nthawi zina amamanga ndi citsulo cokhacokha. Pali lamulo limodzi limene amisiri amalisunga: mitsamiro itatu yonse ikhale yogwirizana pa kufewa kwake. Munthu akasiya mphira pa injini, naika citsulo couma pansi pa giyabokosi, injini imapendekeka koma mcira sungatsatire. Kupotokoka konse kumathera pa mcirawo. Mu Type 9 thupi la bokosi ndi la citsulo colemera, koma mcira ndi wa aluminiyamu, ndipo ungathe kung'aluka.

MZERA WA SHAFITI

Mtsamiro uli ndi nchito inanso imene ambiri saiganizira: ndiwo umalamula kupendekeka kwa injini ndi giyabokosi. Ukakwera, mcira umaloza m'mwamba; ukatsika, mcira umaloza pansi. Zimenezi zimakhudza shafiti.

Giyabokosi ndi difu sizikhala pa mzera umodzi ndendende. Cotero kunsonga iliyonse ya shafiti kuli mfundo ya citsulo yooneka ngati mtanda, imene pa Cingelezi amati universal joint, yolola shafiti kuzungulira ili yopendekeka. Robert Hooke wa ku England, m'zaka za m'ma 1600, anaona kuti mfundo yotere ikapindika sizungulira mofanana: imafulumira ndi kucedwa kawiri pa kuzungulira kulikonse. Mankhwala ake ndi mfundo yaciwiri. Mfundo ziwirizo zikapindika molingana, ndipo zikaikidwa moyang'anizana bwino pa shafiti, kucedwa kwa ina kumafafaniza kufulumira kwa inzake, ndipo difu imalandira kuzungulira kosalala. Kuti zitero, mzera wa giyabokosi ndi mzera wa difu iyenera kuyenda mondondozana monga njanji ziwiri za sitima. Omanga amayesetsa kuti kupindika kwa mfundo kukhale kocepa, kawirikawiri pakati pa digiri 1 ndi madigiri 3. Kupindika pang'ono kumafunika, kuti timasingano tacitsulo ta m'kati mwa mfundo tizigubuduzika m'malo modya pamalo amodzi.

Kodi nkhaniyi ndi yaikulu motani? Tiwerengenso. Mu giya yacinai shafiti imazungulira mofanana ndi injini. Mu giya yacisanu ya Type 9, imene ndi 0.82, shafiti imaposa injini: injini ikazungulira 4,000 pa miniti, shafiti imazungulira pafupifupi 4,900, ndiko kuti maulendo oposa 80 pa sekondi. Ndipo shafiti imeneyi ili m'ngalande ija, masentimita ocepa kucokera pa ncafu ya woyendetsa, pakati pali cabe cipepala ca aluminiyamu ndi mapaipi angapo. Mtsamiro ukaphwa, mcira umatsika, mfundo zimapindika mosalingana, shafiti imanjenjemera ndipo mfundo zimatha msanga. Mfundo ikaduka galimoto ili pa liwiro, shafiti imakwapula ciliconse cili pafupi. Mwa ici omanga osamala amazinga shafiti ndi mkombero wacitsulo wolimba, womangidwa ku felemu, kuti ikaduka igwidwe momwemo.

KAMANGIDWE KAKE

Womanga wanzeru sayamba ndi kuwocherera. Amayamba walumikiza injini ndi giyabokosi, nazilowetsa mu felemu zili zolendewera pa unyolo, mcira atauikira jeke. Amakoka cingwe pakati pa felemu kucokera kutsogolo kufikira kumbuyo, kuti aone ngati mzera wa injini ukutsatira cingweco. Amayesa kupendekeka kwa giyabokosi ndi kwa difu ndi cida coyesera madigiri. Amaonanso kuti injini isakwere kufikira kugunda boneti, ndiponso isatsike kwambiri kotero kuti poto wa oilo wa pansi pake angagunde miyala ya pa mseu. Ndodo ya magiya nayo iyenera kutulukira pamalo pamene dzanja lifika mosavuta.

Zonsezi zikakhala bwino, ndipo amadula citsulo copingasa ca mtsamiro. Amacigwiriza kaye ndi timadontho ta moto, nayesanso kaciwiri, ndipo pambuyo pake amawocherera kotheratu atacotsapo mphira, pakuti moto ungamuononge. Ambiri amamanga citsulo cimeneci ndi mabauti m'malo mociwocherera ku felemu, kuti tsiku losintha kilachi giyabokosi lituluke mosavuta. Mabauti amasankha olimba, olembedwa 8.8 pamutu, ndi manati a pulasitiki m'kati amene samasuka ndi kunjenjemera. Mcira ukafuna kukwezedwa mamilimita awiri kapena atatu, amalowetsa tizitsulo tafulati pansi pa mtsamiro. Amasiyanso mpata m'mbali mwa mphira, cifukwa mphira akapsinjidwa sacepa, koma amatukumukira m'mbali. Akasowa kotukumukira amalimba ngati thabwa.

Ku Britain galimoto yotere siloledwa pa mseu isanayesedwe ndi boma. Kuyambira mu 2009 mayesowo dzina lake ndi Individual Vehicle Approval, ndipo woyesa amayang'ana kulimba kwa felemu ndi kamangidwe ka zigawo zonse zazikulu.

MPHIRA NDI MAGETSI

Pali kanthu kena kamene womanga watsopano amaiwala. Munaphunzira kale kuti citsulo cimalola magetsi kudutsa, koma mphira salola. M'galimoto magetsi amacoka ku batire kupita ku sitata pa waya wonenepa, ndipo amabwerera ku batire kudzera m'thupi la injini ndi mu felemu. Nanga adzadutsa pati, popeza injini ndi giyabokosi zakhala pa mphira mbali zonse zitatu? Pafunika lamba wolukidwa ndi mawaya a mkuwa, wolumikiza injini kapena giyabokosi ku felemu. Sitata imakoka maampu oposa 100. Lamba ameneyu akasowa, magetsi amafuna njira ina, ndipo amadutsa m'kawaya ka kilachi kapena ka mafuta, kamene kamatentha ngakhale kupsa kumene.

ADANI A MTSAMIRO

Mtsamiro uli ndi adani atatu. Woyamba ndi oilo. Kumcira wa giyabokosi kuli kamphira koletsa oilo kutuluka. Kakatha, oilo amadontha molunjika pa mtsamiro, ndipo mphira wa cilengedwe akamwa oilo amatupa ndi kufewa ngati phala. Waciwiri ndi kutentha, makamaka paipi ya utsi ikadutsa pafupi. Wacitatu ndi ukalamba: m'kupita kwa zaka mphira amauma, amacita ming'alu, ndipo amamatuka ku citsulo cake.

Mtsamiro wodwala umadziwika ndi zizindikiro izi: kugunda kwa pansi pa galimoto ponyamuka kapena posintha giya, ndodo ya magiya yodumpha woyendetsa akaponda kapena kusiya mafuta, giya yotuluka yokha, ndi kunjenjemera kumene kumakula pamodzi ndi liwiro. Makaniko amayesa polowetsa citsulo pansi pa mcira ndi kuukweza pang'ono. Mphira akalekana ndi citsulo, mtsamiro watha.

Musaganize kuti zimenezi ndi za ku Britain kokha. Maminibasi a Toyota Hiace ndi mavani a Hilux amene mumakwera ali ndi injini, giyabokosi ndi shafiti zondondozana mwa njira yomweyi, ndipo pansi pa mcira wa giyabokosi pali mtsamiro pa citsulo copingasa. Miseu ya maenje imautopetsa msanga. Mtengo wake ndi wocepa poyerekeza ndi wa giyabokosi kapena shafiti imene ungaononge ukasiyidwa uli wakutha.

Cenjerani, ana inu. Musalowe pansi pa galimoto, makamaka yokwezedwa ndi jeke yekha, ndipo musagwire injini ikulira. Mukafuna kuona mtsamiro, pemphani makaniko akuonetseni wakale umene anacotsa.

KWA APHUNZITSI

Phunziro ili likhudza mitu inai ya Sayansi ndi Masamu: mphamvu, kugwedezeka ndi phokoso, magetsi, ndi kuculukitsa ndi kugawa. Zipangizo zake zonse zipezeka pafupi ndi sukulu.

Coyamba, ana aike thabwa pa miyala itatu, kenaka pa miyala inai yosalingana, ndipo anene pamene thabwa likhazikika.

Caciwiri, gulu lililonse liyese mwala wa pa mphira monga tafotokozera, ndi miyala iwiri, wolemera ndi wopepuka. Awerenge maulendo amene mwala uliwonse udumpha pa masekondi 10. Ana atalikirane, ndipo mwala umangidwe zolimba.

Cacitatu, ikani wochi yolira kapena foni yonjenjemera pa desiki, mwana aike khutu pa desikiyo. Bwerezani mutaika nkhata ya nsalu kapena patapata wa mphira pansi pake.

Cacinai, lumikizani batire la toci ndi babu. Dulani njira ya magetsi ndi kacidutswa ka mphira, ndipo pambuyo pake lumphitsani mphirayo ndi waya wa mkuwa.

MAFUNSO

1. Cifukwa ninji injini ndi giyabokosi zimakhala pa mitsamiro itatu, osati inai?
2. Injini ikapereka mphamvu yopotokola ya 120, kodi shafiti ilandira zingati mu giya ya 3.65?
3. Injini ya masilinda anai ikuzungulira 1,200 pa miniti. Kodi ikugunda kangati pa sekondi?
4. Nenani coipa cimodzi ca mtsamiro wofewetsa, ndi cimodzi ca mtsamiro wolimbitsa.
5. Cifukwa ninji pafunika lamba wa mkuwa pakati pa injini ndi felemu?

Lembani mayankho m'mabuku anu, ndipo aphunzitsi adzawaona. Sabata ya mawa, pa nthawi yomweyi, tidzatsatira shafiti kufikira ku difu, kuti tione mmene magudumu awiri a kumbuyo amazungulirira pa liwiro losiyana galimoto ikamakhota. Tsalani bwino aphunzitsi, tsalani bwino ana nonse.